PHUNZIRO LA ZA UMOYO: KANSARU KOPHIMBA PAKAMWA NDI MPHUNO

Munthu akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akangolankhula, m'kamwa mwace mumaturuka timadontho ta malobvu tosaoneka ndi maso. M'timadonthomo ndimo muyenda tizirombo ta cifuwa cacikuru, cimfine ndi COVID-19. Carl Flügge wa ku Breslau anaonetsa zimenezi m'caka ca 1897, ndipo caka comweco dotolo Mikulicz, wa mzinda womwewo, anayamba kuphimba pakamwa pocita opareshoni.

Kansaruko kamagwira timadontho tambiri tisanagwere munthu wina kapena bala. Motero wodwala akakabvala, acinjiriza a pabanja pace. Koma kaphimbe mphuno ndi pakamwa pomwe, kakanyowa kasinthidwe, pokabvula munthu agwire zingwe zokha, nasambe m'manja ndi sopo. Kansaru kolendewera pacibwano sikaletsa nthenda.