Feteleza akakanika, ganizirani za laimu

Ogulitsa zipangizo zaulimi ku Old Town amalidziwa dandaulo ili: kasitomala wa ku Area 9 wathira feteleza m'dimba la kuseri kwa nyumba, koma repu ndi tomato zangopinimbira. Amabwerera atakwiya, n'kumati anamugulitsa feteleza wachinyengo.

Kawirikawiri vuto limakhala asidi wochuluka m'nthaka. Muyeso wa asidiyu, wotchedwa pH, ukatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amawononga mizu, ndipo fosifolasi wa mu NPK amamangika osafika ku mbewu. Kuthira Urea kapena SA chaka ndi chaka kumaonjezera asidiyo.

Mankhwala ake ndi laimu waulimi, makamaka wa dolomite, yemwe amaperekanso kashiamu ndi maginiziyamu. Ndi wosiyana ndi laimu wopaka nyumba, amene amatha kuwotcha mbewu. Amasakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu kubzala kusanayambe, chifukwa amagwira ntchito pang'onopang'ono.

Wamalonda wochenjera amayamba watumiza kasitomala ku Chitedze kukayezetsa dothi, poti laimu akachuluka nayenso amasokoneza mbewu. Ndipo popeza madimba a m'tauni safuna thumba lonse, kumugulitsa m'timapaketi ta makilogalamu 2 kapena 5 kumayendetsa katundu msanga.