Mafuta a rosemary: zoyenera kudziwa mlimi asanadzale

Alimi anzanga, sabata ino ndikufuna tikambirane za chitsamba chotchedwa rosemary. Ena mwa inu munachionapo chikugulitsidwa m'timitolo m'misika ya m'tauni, kumene ophika amachigula kuti akometsere nyama ndi mbatata ya kachewere. Masamba ake muli mafuta onunkhira amene amagulidwa pa mtengo wokwera, ndipo ena ayamba kufunsa ngati n'kwanzeru kulima munda wonse wa chitsambachi. Yankho langa ndi ili: mafutawa ali ndi ntchito yake, koma amatuluka ochepa, ndipo sachiza matenda.

Kwawo kwa rosemary

Rosemary ndi chitsamba cha kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, osongoka ngati a paini, ndipo sayoyoka chaka chonse. Akatswiri a zomera ankachitcha Rosmarinus officinalis, koma kuchokera mu 2017 dzina lake ndi Salvia rosmarinus. Maiko odziwika popanga mafuta ake ndi Morocco, Tunisia ndi Spain. Ku Morocco masamba ambiri amathyoledwa kutchire, m'mapiri ouma a kum'mawa kwa dzikolo. Izi zikutanthauza kuti mlimi wa kuno akupikisana ndi anthu amene salima n'komwe, amangothyola.

Katulutsidwe ka mafuta

Amene anaonapo kutcheza kachasu samvutika kumvetsa. Masamba amaikidwa m'thanki yotseka bwino, kenaka nthunzi yotentha imadutsa m'masambamo n'kutenga mafuta. Nthunziyo imalowa mumpope wodutsa m'madzi ozizira, n'kusanduka madzi. Mafuta amayandama pamwamba ndipo amayengululidwa. Makilogalamu 100 a masamba aawisi amatulutsa mafuta pafupifupi lita imodzi, nthawi zina kucheperapo. Taganizirani matumba amene mungasenze kuti mupeze botolo limodzi!

Fungo lake limafanana pang'ono ndi la bulugamu, chifukwa zonse ziwiri zili ndi mankhwala otchedwa cineole. Mafuta a ku Morocco ndi Tunisia ali ndi cineole wambiri, pamene a ku Spain amachuluka camphor. Wogula wodziwa amafunsa zimenezi asanapereke mtengo.

Ntchito ya fungo

Kugwiritsa ntchito fungo la zomera pofuna kutsitsimutsa thupi ndi maganizo amakutcha aromatherapy. Dzinali linatchuka ndi René-Maurice Gattefossé, katswiri wa ku France amene analemba buku la nkhaniyi mu 1937. Ena amadontheza madontho awiri kapena atatu m'mbale ya madzi otentha kuti fungo lifalikire m'chipinda. Ena amawasakaniza ndi mafuta wamba n'kumasisita pamene minofu yatopa.

Mu 2003, ofufuza a pa yunivesite ya Northumbria ku England anapeza kuti anthu amene anakhala m'chipinda chonunkhira rosemary anachita bwinoko pa mayeso a kukumbukira zinthu. Mu 2015, ku Iran, anthu 100 a dazi anayesedwa kwa miyezi 6, ndipo tsitsi la odzola mafuta a rosemary linamera mofanana ndi la odzola mankhwala a minoxidil. Kafukufuku ameneyu anali wa anthu ochepa, choncho musamve za wogulitsa wokuuzani kuti mafutawa amachiza chilichonse. Malungo, chifuwa chachikulu ndi kuthamanga kwa magazi n'zakuchipatala.

Chenjezo

Mafutawa ndi aukali. Osamwa. Osadzola pakhungu osasakaniza: madontho awiri pa sipuni yaing'ono ya mafuta wamba akwanira. Asalowe m'maso. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala khunyu awapewe, chifukwa camphor angathe kuyambitsa kukomoka. Sungani botolo lotseka bwino, pamalo opanda dzuwa, posafikira ana.

Kalimidwe

Rosemary amafuna dzuwa lambiri ndi nthaka yosasunga madzi. M'dambo mizu yake imaola msanga. Madera okwera ndi ozizirirapo monga Dedza ndi Ntcheu amamuyanja. Njere zake zimavuta kumera, choncho dulani tinthambi tanthete ta masentimita 10 mpaka 15, chotsani masamba a m'munsi, ndipo bzalani m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga. Mizu imatuluka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Wokerani pamizere yotalikirana mita imodzi, ndipo dikirani pafupifupi chaka musanayambe kudula. Dulani nsonga zobiriwira zokha, chifukwa nthambi zokhwima siziphukira bwino.

Langizo langa

Musachotse chimanga m'munda chifukwa cha nkhani za mtengo wa mafuta. Yambani ndi mzere umodzi m'mbali mwa dimba, pamtunda. Gulitsani masamba aawisi kapena oumitsa pamthunzi kwa ophika m'malesitilanti ndi m'mahotela, popeza zimenezi sizifuna makina. Za mafuta muziganizire ngati kalabu, pamene mwapeza wogula amene wanena mtundu umene akufuna, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, ndipo mwawerengera ndalama za thanki ndi nkhuni. Pezani msika poyamba, kenaka dzalani.