Kaikidwe ka Maikolofoni Pojambula Mawu: Malangizo kwa Eni Masitudiyo a mu Komboni ya Garden

Maikolofoni zomwe tikuzipeza m'komboni muno ndi za mitundu iwiri. Ya dynamic, monga Shure SM58 yomwe inatuluka mu 1966, ndi yolimba ndipo siifuna mphamvu yapadera. Ya condenser imatola ndi kamawu kakang'ono komwe, koma zambiri zimafuna mphamvu ya 48V yochokera ku mikisa kapena interface. Maikolofoni zambiri za mitundu iwiri yonseyi zimamva kwambiri kutsogolo, kumbuyo pang'ono chabe.

Musameze maikolofoni!

Ili ndiye vuto lomwe talipeza pafupifupi paliponse pomwe tayendera. Woimba amagunditsa milomo pa maikolofoni chifukwa anaona akatswiri akutero pasiteji. Iwo amatero kuti mawu awo apose ng'oma ndi masipika. M'chipinda chanu mulibe zimenezo. Maikolofoni yomva kutsogolo ikayandikira kwambiri pakamwa imakuza besi, mawu n'kutuluka olemera, ophimbika, osamveka zomwe munthu akunena. Mpweya nawo umamenya kachikopa kam'kati: mayi wa kwaya akangoti "mphamvu", m'mahedifoni mumangoti phu! Komanso pafupi chonchi, mutu ukasuntha pang'ono mawu amakwera kapena kutsika kwambiri. Anyamata a rap amawonjezera kufumbata mutu wa maikolofoni, n'kutseka mipata yomwe imaithandiza kukana phokoso la kumbuyo, ndiye mawu amamveka ngati a munthu wa chimfine. Mwini situdiyo amachezera pa kompyuta kukonza ndi EQ, kenako n'kumati maikolofoni ndi yabodza. Ayi, si maikolofoni. Mlendo wanu, kaya ndi m'busa kaya mkulu wa kwaya, muuzeni mwaulemu: "Bambo, tabwererani m'mbuyo pang'ono."

Kaikidwe koyenera

Tambasulani dzanja, chala chachikulu pamlomo, chaching'ono pa maikolofoni. Amenewo ndi masentimita 15 mpaka 20. Ikwezeni ifike chapamphuno, iloze kukamwa, kuti mpweya uzidutsa pansi pake. Ngati "s" akulasa m'makutu, ipotozeni pang'ono kumbali. Pa condenser yoimirira imbirani mbali yomwe ili ndi chizindikiro cha kampani, osati pamwamba. Jambulani mzere umodzi pafupi, pa dzanja limodzi, kenako pa manja awiri, mumvetsere. Mudabwa! Mawu amayera, chilembo chilichonse n'kumveka, popanda kugula kanthu.

Musapitirirenso patali, chifukwa makoma a mabuloko ndi denga la malata zimabweza mawu. Pachikani bulangeti lochindikala kapena matilesi kumbuyo kwa woimba. Kumbuyo kwa maikolofoni kuloze komwe kukuchokera phokoso, kaya ndi owotcherera zitsulo a mumsewu wa Katima Mulilo kaya jenereta ya aneba malaiti akapita. Matileyi a mazira omwe ambiri mwakhoma m'makoma satchinga phokoso lakunja, ndipo sachedwa kugwira moto.

Za mtengo

Kasefa ka mpweya kotchedwa pop filter sikakwera mtengo kwenikweni, koma mitengo imasinthasintha ndi dola, choncho yambani mwafunsa m'masitolo angapo ku Kamwala kapena m'tauni. Ngati ndalama zavuta, pindani waya wa hang'ala ukhale wozungulira, muuveke sitokeni yopyapyala ya amayi, muuike pakati pa kamwa ndi maikolofoni, osakhudza maikolofoniyo.