Kakompyuta ka mu mita ndi ka m'khosi mwa njovu

Zipangizo zambiri za masiku ano zili ndi kakompyuta mkati, kogwira ntchito imodzi yokha mpaka kadzathe. Akatswiri amakatcha microcontroller, ndipo pulogalamu yolembedwa m'menemo ndi firmware. Makalata atatu a omvera sabata ino akufunsa za timakompyuta timeneti.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa: kodi mita ya ESCOM imadziwa bwanji kuti munthu wagula mayunitsi?

Mita yotere siifunikira netiweki kuti ilandire mayunitsi. Uthenga wonse umakhala m'manambala 20 a tokeni imene munthu amapatsidwa akagula. Kompyuta yogulitsa imatenga kuchuluka kwa mayunitsi ndi mphindi imene agulidwa, n'kuzibisa ndi kiyi yachinsinsi ya mita imodzi yokhayo. Pulogalamu ya mu mita imamasula manambalawo ndi kiyi yomweyo. N'chifukwa chake tokeni ya nyumba ina siilowa pa mita ya oyandikana nawo, ndipo yolowetsedwa kale imakanidwa, poti mita imasunga mphindi za matokeni omwe inalandirapo.

Njirayi, yotchedwa STS, inayambira ku South Africa. Oipanga anayamba kuwerenga mphindi pa 1 Januwale 1993, koma chiwerengerocho anachipatsa malo a ma bit 24 okha, okwana mphindi 16,777,216. Malowo anadzaza pa 24 Novembala 2024. Tsikulo lisanafike, makampani a magetsi m'maiko ambiri, kuphatikizapo ESCOM, anapereka matokeni apadera osinthira kiyi kuti mita ziyambe kuwerenga kuchokera mu 2014. Oipangawo sanachite mosasamala, chifukwa mu manambala 20 malo ndi ochepa zedi. Komabe chimene anasankha chinafikira mabanja patapita zaka 31.

Kalata yachiwiri ndi ya msodzi wa ku Chia, yemwe akudabwa kuti batire la lamba wa m'khosi mwa njovu limatha bwanji zaka, pamene la nyale yake yokopera usipa limafooka usiku umodzi.

Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Zina zinavekedwa malamba a GPS. Kusintha batire kumafuna kugoneka njovuyo ndi mankhwala, ntchito yodula ndiponso yoopsa. Choncho pulogalamu yake imalembedwa kuti nthawi yambiri kakompyutako kazigona. Kamadzuka pa nthawi yoikika, kumvera masetilayiti, kusunga malo pamene njovu ili, kutumiza uthenga, n'kugonanso. Nyale ya msodzi ilibe mwayi umenewo, poti iyenera kuyaka usiku wonse. Pamene pamavuta wolemba pulogalamu ndi apa: lamba akamatumiza pafupipafupi, alonda amadziwa msanga kuti njovu yayandikira mpanda ndi minda ya anthu, koma batire limatha msanga.

Womaliza ndi wophunzira wa Fomu 3 wa ku Linga, yemwe akufuna kudziwa poyambira kuphunzira kulemba mapulogalamu a timakompyuta timeneti.

Ambiri amayambira pa kabolodi kotchedwa Arduino Uno, kokhala ndi 32 KB yosungira pulogalamu ndi 2 KB yokha yogwiriramo ntchito. Chinenero chake n'chochokera ku C ndi C++. Ntchito yoyamba yoyenera kunyanja kuno ndi kachipangizo koyeza mphamvu ya batire la sola, kozimitsa nyale batirelo lisanatheretu, chifukwa kuthera kotereko n'kumene kumapha mabatire msanga. Pulogalamuyo ikhale ndi watchdog, kawotchi koyambitsanso kachipangizo kakaima, poti pakati pa nyanja palibe wokonza. Kayesedwenso padzuwa la mu Okutobala ndi pa chinyezi cha m'bwato, osati pa tebulo pokha. Wofuna kupitiriza maphunzirowa angawapeze ku MUBAS mu Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo.