Bulangete la Agogo

Werengani

Ku Angónia kumazizira kwambiri. Ndi dziko la mapiri, ndipo phiri lalitali ndi Domwe. Mwezi wa Juni ndi wa Julaye, cifunga cimaphimba minda m'mawa. Ana amawotha moto asanapite ku sukulu. Usiku aliyense amafuna cofunda.

Pamudzi wina kufupi ndi Ulónguè pali agogo aamuna. Agogowa ali ndi bulangete lofiira la mizere yakuda. Ndi la ubweya wa nkhosa. Analigula ku Joni ali mnyamata, pamene ankagwira nchito m'migodi.

Pa nthawi ya nkhondo, banja lawo linathawira ku Dedza, m'dziko la Malawi. Anasiya mbuzi ndi nkhokwe, koma bulangete sanalisiye. Nkhondo inatha m'caka ca 1992. Banja linabwerera kwawo, bulangete lili mumtolo. Ana onse a m'banjamo analifunda ali makanda. Adzukulu nawonso analifunda.

Caka cino cisanu citatha, bulangete linali litada ndi utsi ndi fumbi.

Mdzukulu wamkulu wa agogo amatsuka magalimoto ku Ulónguè. Kumeneko kuli makina opopera madzi mwamphamvu. Madzi ake amacotsa matope ouma pamatayala.

"Agogo, ndipatseni bulangeteli," anatero mnyamatayo. "Makina athu alicapa msanga. Libwera lili mbee!"

"Iai, mdzukulu wanga," anayankha agogo. "Bulangete si tayala. Tenga juzi yanga yakaleyi. Nayonso ndi ya ubweya. Ukayese pa iyo kaye."

Mnyamata anapita ndi juzi. Madzulo anabwera nayo itabooka pamsana. Ulusi wake unali lendelende.

"Agogo, munanena zoona," anatero mnyamatayo. "Likanakhala bulangete, bwenzi lero tikulira."

Cifukwa ciyani juzi inabooka?

Ubweya wa nkhosa ukanyowa umacepa mphamvu. Ukakhala wakale, ulusi wake sucedwa kuduka. Madzi a makina amamenya malo amodzi mwamphamvu, ndipo amadula ulusiwo.

Palinso cinthu cina. Tsitsi lililonse la nkhosa lili ndi timamba ngati ta nsomba. Timambati ndi tating'ono kwambiri, sitioneka ndi maso. Ubweya ukafikisidwa m'madzi otentha, timamba timakolana. Pamenepo bulangete limafupika ndi kuuma gwa. Likafupika silitalikanso.

Ubweya sufuna mphamvu. Umafuna madzi ozizira ndi manja ofatsa.

Mmene amayi anacapira bulangete

Amayi anasankha tsiku louma ndi lamphepo m'mwezi wa Seputembala. Mwana wawo wamkazi wa kalasi yoyamba anawathandiza.

1. Anakutumula bulangete pabwalo kuti fumbi licoke.
2. Ananyowetsa kansalu koyera, n'kukakanikiza pakona ya bulangete. Kansalu sikanafiire. Anadziwa kuti utoto sucucuka.
3. Anathira madzi ozizira m'beseni lalikulu. Anasungunulamo sopo pang'ono.
4. Anaviika bulangete lonse, n'kulisiya kanthawi kocepa.
5. Analikanikiza pang'onopang'ono ndi zikhatho. Sanalifikise, ndipo sanalimenyetse pamwala.
6. Analitsukuluza katatu, mpaka madzi anayera ndipo thovu linatha.
7. Analipinda, n'kulikanikiza kuti madzi acoke. Sanalipotokole.
8. Analiyala pamphasa yoyera mumthunzi, pamalo opita mphepo. Masana analitembenuza.

"Amayi, bwanji osaliyanika pacingwe?" anafunsa mtsikana.

"Talinyamula, mwanawe," anatero amayi.

Mtsikana anayesa, koma analephera.

"Waona? Ubweya umamwa madzi ambiri. Likalendewera pacingwe lili conco, lidzikoka lokha ndi kupindika. Dzuwa lamphamvu nalonso limazimitsa utoto."

Bulangete linauma patapita masiku awiri. Amayi analigwira pakati ndi m'mphepete monse. Panalibe ponyowa. Ankadziwa kuti cofunda cosungidwa cili conyowa cimacita nkhungu, ndipo cakuda cimaitana njenjete. Mphutsi za njenjete zimadya ubweya. Analipinda bwino, n'kuliika m'bokosi lotseka.

Madzulo agogo anatsegula bokosi. Anasisita bulangete ndi dzanja. Linali lofewa, ndipo mizere yake yakuda inaoneka bwino.

"Mwacita bwino, mwana wanga," anatero agogo kwa amayi. Kenaka anaitana mtsikana uja. "Bwera kuno, mdzukulu wanga. Juni akabwera, ulifunda ndiwe."

Mawu a Cinyanja ndi a Cipwitikizi

nkhosa: ovelha
ubweya wa nkhosa: lã
bulangete: manta
madzi: água
sopo: sabão
mthunzi: sombra

Werengani ndi kulemba

ca ce ci co cu
capa, cepa, cisanu, coka, cucuka

Amayi acapa bulangete.
Cisanu cacoka.

Mafunso

1. Kodi ku Angónia kumazizira kwambiri miyezi iti?
2. Agogo anagula kuti bulangete lawo?
3. Cinacitika ndi ciyani kwa juzi?
4. Bulangete la ubweya licapidwe ndi madzi otentha kapena ozizira?
5. Amayi anatsukuluza bulangete kangati?
6. Cifukwa ciyani sanaliyanike pacingwe?

Nchito ya kunyumba

Jambulani nkhosa ndi bulangete. Lembani dzina pansi pa cithunzi ciliconse. Funsani agogo kapena makolo anu za cinthu cakale ca m'nyumba mwanu. Cinacokera kuti? Cimasamalidwa bwanji? Mawa mukauze anzanu m'kalasi.

Kwa makolo

Werengani nkhaniyi pamodzi ndi mwana wanu, iye akuloza mawu ndi cala. Malangizo ali m'phunziroli ndi othandizanso pocapa juzi, cipewa ndi kapeti ya ubweya wa nkhosa. Kapeti yakale isapoperedwe ndi makina otsukira magalimoto. Ngati kansalu koyera katenga utoto, musaviike cinthuco m'madzi: cikutumuleni, pukutani pamene pada pokha, ndipo ciyanikeni mumthunzi. Musathire mankhwala oyeretsera zovala pa ubweya, cifukwa amadya ulusi wake. Mwana wamng'ono asatsale yekha pafupi ndi beseni la madzi.