MBIRI YAPAKAMWA M'PHUNZIRO LA CINYANJA: KUOLOKA KWA ANGONI PA ZAMBEZI

1. Mau Oyamba

Mphunzitsi wa Cinyanja saphunzitsa malamulo a cilankhulo okha ai. Pa nthawi ya cimangirizo ndi ya kumvetsa nkhani, iye amakhudzanso mbiri, cikhalidwe ndi kaganizidwe ka munthu. Kawirikawiri timatuma ana kuti akafunse agogo ao za makedzana, koma akabwera nazo nkhanizo timasowa cocita nazo. Aphunzitsi ena amazinyoza, nati ndi nthano cabe zosayenera kulowa m'kope. Ena amazilandira zonse monga zoona, osafunsa kanthu. Njira ziwiri zonsezi zimamana mwana cinthu cimodzi cofunika: luso la kupima nkhani imene wamva. Mutu uno ukuonetsa m'mene lusoli lingaphunzitsidwire, potenga citsanzo ca kuoloka kwa Angoni pa mtsinje wa Zambezi.

2. Zolinga

Pomaliza mutu uno, inu amene mukuphunzira uphunzitsi muyenera kukhoza:
(a) kusiyanitsa phata la nkhani ya mbiri ndi zokometsera zake;
(b) kufotokoza cifukwa cace nkhani imasintha poyenda pakamwa;
(c) kukonza phunziro limene ana adzasonkhanitsa, kuyerekeza ndi kulemba mbiri ya kwao.

3. Zimene Tidziwa za Ulendo wa Angoni

Ca m'ma 1820, nkhondo za pakati pa Shaka wa Azulu ndi Zwide wa Andwandwe zinabalalitsa mafuko ambiri m'dziko limene lero ndi South Africa. Zwangendaba, wa mfunda wa Jere, anatsogolera gulu lace kulowera kumpoto. Anadzera kummwera kwa Mozambique ndi m'dziko la Zimbabwe, namatenga anthu ndi ng'ombe m'njira monse. Anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, kumene Luangwa amathira m'mtsinjewo. Iye anamwalira ca m'ma 1848 ku Ufipa, m'dziko la Tanzania, ndipo pambuyo pace gululo linagawikana. Mwana wace Mpezeni anabwerera kummwera, nadzakhazikika m'dera limene lero tikuti Chipata. Ufumu wace unagonja kwa asilikali a Angerezi kuciyambi kwa caka ca 1898. Mwana wace Nsingo, amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala, umene unaleka itatha nkhondoyo, unayambanso mu 1980, ndipo umacitika ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale.

Funso lofunika kwa ife ndi ili: popeza Angoni a masiku amenewo sanali kulemba, nanga tidziwa bwanji caka cimene anaolokera? Yankho lili m'kamwa mwa akulu. Iwo anasimbira ana ao kuti tsiku la kuolokalo dzuwa linada masanasana, mdima nugwa ngati usiku. Akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera masiku a kadamsana ngakhale wa zaka mazana apitawo, ndipo anapeza kuti m'cigawo ca Zambezi munaoneka kadamsana wa dzuwa mu Novembala 1835. Motero mau osungidwa pamtima anakumana ndi masamu a akatswiri, napatsa mbiri ya dera lathu caka cotsimikizika. Pano mwambi uja wakuti mau a akulu akoma akagonera unapherezeka.

4. Phata ndi Zokometsera

Komabe si zonse zosimbidwa za tsikulo zimene zimagwirizana. Ena amati Zwangendaba anamenya madzi ndi ndodo, madziwo nagawikana. Ena amati anthu anaoloka atagwira micira ya ng'ombe. Ena amati eni dziko a m'mbali mwa mtsinjewo ndiwo anawaolotsa ndi mabwato. Mwana wocenjera adzafunsa kuti, "Nanga zoona ndi ziti?"

Mphunzitsi asathamangire kuyankha. Ayambe wathandiza ana kuona zimene osimba onse akugwirizana: mtsogoleri ndi mmodzi, mtsinje ndi umodzi, ng'ombe zinalipo. Limeneli ndilo phata. Zimene akusiyana ndizo zokometsera, ndipo nazonso zili ndi nchito. Nkhani ya ndodo ikutiuza ulemu umene anthu anapatsa mfumu yao. Ikufanananso ndi ya Mose pa Nyanja Yofiira, cotero ana angakambirane ngati osimba a pambuyo pace, amene anali atamva Baibulo, sanaisendeze kufupi ndi imeneyo. Nkhani ya micira ikutiuza malo a ng'ombe m'moyo wa Mngoni. Nkhani ya mabwato ikutikumbutsa kuti m'mbali mwa Zambezi munali kale anthu odziwa mtsinjewo. Jan Vansina, m'buku lace la 1985 lochedwa Oral Tradition as History, anaphunzitsa kuti nkhani yapakamwa iyenera kufunsidwa monga momwe tifunsira kalata yakale: anainena ndani, kwa yani, ndipo anali kufuna ciani?

5. Cifukwa Cace Nkhani Imasintha

Kusintha kwa nkhani si bodza nthawi zonse. Ndi m'mene mtima wa munthu umasungira zinthu. Frederic Bartlett wa ku Cambridge, m'buku lace Remembering la 1932, anafotokoza zimene anapeza atapatsa Angerezi nthano ya eni dziko a ku North America kuti aiwerenge ndi kuibwereza, wina kucokera kwa mnzace. Nthanoyo inanka nifupika. Zacilendo zinatayika kapena kusanduka zozolowereka. Mwacitsanzo, kusaka nyama za m'nyanja kunasanduka kuwedza nsomba. Bartlett anatsimikiza kuti pokumbukira, munthu satulutsa nkhani monga atulutsira cimanga m'nkhokwe, koma amaimanganso ndi zipangizo zimene ali nazo kale m'mutu mwace.

Cimene cimateteza nkhani kuti isasungunuke ndico cikombole cace. Mau a m'nyimbo, m'zithokozo za mafumu ndi m'miyambi sasintha msanga, cifukwa ali ndi kayendedwe kace ndipo anthu ambiri amawanenera pamodzi. N'cifukwa cace pa Nc'wala mumamvekabe mau a Cingoni cakale m'nyimbo, ngakhale kuti Angoni a kwa Mpezeni masiku onse amalankhula cilankhulo cofanana kwambiri ndi Cinsenga. Apa pali phunziro lina la cikhalidwe: amuna a Cingoni anakwatira akazi a m'mafuko amene anawagonjetsa, ndipo mwana amayamwa cilankhulo ca mai wace. Ufumu ndi mfunda zinatsata bambo, koma lilime linatsata mai.

6. Dongosolo la Phunziro

Phunziroli liyenera ana a m'makalasi oyamba a sekondale, ndipo lifuna nthawi zitatu za mphindi 40.

Nthawi yoyamba: kuyesa cikumbumtima. Tulutsani ana asanu panja. Werengerani otsalawo ndime ya mizere khumi yokhala ndi maina atatu, nambala imodzi ndi cinthu cimodzi cacilendo. Itanani woyamba, ndipo mwana mmodzi amsimbire popanda kuyang'ana pepala. Woyambayo asimbire waciwiri, mpaka wacisanu. Kalasi lilembe cimene cagwa ndi cimene caonjezedwa pa kusimba kulikonse. Pomaliza funsani kuti: ngati nkhani yasintha cotere pa mphindi makumi awiri, nanga cinasunga nkhani ya kadamsana kwa mibadwo ingapo n'ciani? Atsogolereni kuti aone kuti cinthu codabwitsa, coonedwa ndi khamu ndi cobwerezedwa pa miyambo, cimakhalitsa.

Nchito ya kunyumba: kufunsa akulu. Mwana aliyense akafunse munthu wacikulire m'mene mudzi, banja kapena komboni yao inayambira. Ana a m'tauni monga Lusaka asaonedwe ngati alibe mbiri; ulendo wa agogo ao kucokera kumudzi kudza ku nchito ndi mbiri yokwanira. Aphunzitseni mafunsidwe aulemu: kupereka moni, kukhala pansi, kunena colinga, kusadula mau, ndi kuthokoza. Alembe dzina la mudzi, tsiku, ndiponso amene anauza wosimbayo nkhaniyo. Mau acikale awalembe monga awamvera, osawakonza.

Nthawi yaciwiri: kuyerekeza. Ikani ana m'magulu a anai kapena asanu. Gawani bolodi patatu ndi mitu iyi: Zogwirizana, Zosiyana, Zofunika umboni wina. Pa gawo lacitatu ana achule kumene umboniwo ungapezeke, monga manda akale, mabwinja, nyimbo, buku la ubatizo ku mishoni, kapena caka ca njala ndi ca dzombe cimene anthu ambiri akucikumbukira.

Nthawi yacitatu: kulemba. Mwana aliyense alembe cimangirizo ca mau 200. Apa ndi pamene galamala ilowera. Aphunzitseni kusiyanitsa mau otsimikiza, monga "anaoloka", ndi mau osonyeza kuti nkhaniyo ndi yakumva, monga "akuti anaoloka", "ena amati", "kumamveka kuti". Mwana amene wadziwa poika "akuti" wayamba kale kuganiza monga wolemba mbiri.

7. Cenjezo kwa Mphunzitsi

M'kalasi limodzi la kum'mawa mudzapeza zidzukulu za Angoni, za Acewa ndi za Ansenga. Cimene wina akucikumbukira monga ungwazi, mnzace akucikumbukira monga masiku a kuthawira m'mapiri ndi kubisala m'malinga. Musabise mbali iliyonse, ndipo musalole kuti kalasi lisanduke bwalo la milandu. Auzeni poyera kuti nkhondozo zinabweretsa imfa ndi ukapolo, ndiponso kuti mwa zikwati anthu omwewo anasanduka abale, kotero kuti ambiri amene lero adzicha Angoni ali ndi agogo a Cinsenga kapena a Cicewa. Mwana sasenza mlandu wa makolo ace, koma ayenera kudziwa njira imene anadzera.

Cenjezo laciwiri ndi la zinsinsi. Pali nkhani za maliro a mafumu, za cinamwali ndi za kudambwe zimene eni ace salola kuti zinenedwe pagulu. Wacikulire akakana kuyankha, mwana athokoze ndi kupitirira. Mikangano ya ufumu imene ikali pabwalo isalowe m'makope a ana.

Pocongera cimangirizo, perekani malikisi ambiri pa kulongosola gwero la nkhani ndi kusiyanitsa cotsimikizika ndi cakumva, osati pa kukoma kwa nkhani kokha. Zolemba zabwino zisungidwe m'kabuku ka sukulu, pakuti ena mwa osimbawo sadzakhalapo pamene kalasi lotsatira lidzafuna kuwafunsa.

8. Nchito

(a) Fotokozani m'mau anu m'mene kadamsana anathandizira kupeza caka ca kuoloka kwa Angoni.
(b) Sankhani nkhani imodzi ya mbiri ya kwanu imene imasimbidwa m'njira ziwiri. Lembani phata lace ndi zokometsera zace.
(c) Lembani ndime ya mizere khumi imene mungagwiritse nchito pa nthawi yoyamba ya phunziroli, ndipo nenani mbali zimene muganiza kuti zidzayamba kutayika.
(d) Mwana wabwera ndi nkhani imene ikunyoza fuko la anzace. Kodi mudzacita ciani? Kambiranani m'magulu.