KUYERETSA M'NYUMBA WODWALA AKASANZA KAPENA KUTSEGULA M'MIMBA

Amayi anzanga, mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022 unafikanso kuno ku Salima, ndipo m'dziko lonse unapha anthu oposa 1,700. Kuno kwa Maganga, wodwala akadziipitsira pamphasa, amene timathamangira tsache ndi chikolopa ndife. Pamenepo ndi pomwe matenda amalumphira kwa wosamalira ndi kwa ana.

Choyamba chotsani ana ndi nkhuku, tsegulani mawindo, ndipo valani majumbo osabooka m'manja ngati magolovesi palibe. Thirani mchenga kapena phulusa pa masanzi kapena chimbudzicho kuti chisayenderere, wolani ndi katoni, kakatayeni m'chimbudzi chokumba. Ngati pansi ndi pozira, palani dothi lapamwamba ndi khasu, nalonso likalowe m'dzenje momwemo.

Mukatero m'pamene mutenge mankhwala. Ambiri timathamangira kuthira Jik wosukusula pamwamba pa zonyansa, fungo likamveka n'kumati tapha tizirombo. Ayi ndithu. Klorini amatha mphamvu akakumana ndi zonyansa zambiri. Wolani kaye, tsukani ndi sopo, mankhwala pambuyo.

Jik wamba, wolembedwa 3.5%, timasukusula mitundu iwiri. M'ndowa imene wodwala wasanziramo kapena kudzithandiziramo, thirani wamphamvu: kapu imodzi ya Jik, kapu imodzi ya madzi. Wa pansi, mphasa, zofunda ndi zovala akhale kapu imodzi ya Jik m'makapu 16 a madzi. Kulikonse dikirani mphindi 15 musanatsukuluze. Kufulumira kupukuta n'kungotaya ndalama. Chitenje chimene mukuopa kuti chisuluka, chiwiritseni kwa mphindi zisanu, ndipo zonse muyanike padzuwa mpaka ziume gwa.

Sukusulirani m'beseni lapulasitiki, chifukwa klorini amadya chitsulo, ndipo pangani watsopano tsiku lililonse. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira, poti mpweya wotuluka pamenepo umapweteka maso ndi mapapo. Musasungirenso m'botolo la zakumwa. Mwana waludzu safunsa. WaterGuard ndi klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi ndi oteteza madzi akumwa, musawamalizire pokolopa.

Tsono nkhani ya nyanja. Ndikudziwa kuti kuchapira kugombe n'kosavuta, madzi ali mbwee, sipafunika kusenza ndowa. Koma pomwepo mnzanu akutsuka mbale, ana akusambira, asodzi akutsuka usipa. Zofunda za wodwala zisapite kunyanja kapena pafupi ndi mjigo. Chapirani pakhomo, madzi ake mukathire m'chimbudzi.

Mukamaliza tayani majumbo aja m'dzenje, sambani m'manja ndi sopo pa mpondagiya kapena wina akuthirireni, osati m'beseni losambira banja lonse. Ngati n'kotheka, wophika tsiku limenelo akhale wina.

Pamene mukuyeretsa, wodwala azimwa Thanzi ORS pang'onopang'ono, ngakhale akusanza. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, maso n'kulowa, musadikire kuti kuche: pezani njinga, mupite naye kuchipatala akumwabe Thanzi m'njira.